Galamala ya Elefen: mawu a banja la Chilatini, mneni wosasintha

*La fem ia compra tre capras en la mercato.* Mutaonetsa chiganizo ichi kwa wamalonda wa ku Katete amene amadutsa pa Chanida kukagula katundu ku Tete, akhoza kukuuzani kuti akumvamo kugula, mbuzi zitatu ndi msika. Koma angakuuzeninso kuti Chipwitikizi sichimenecho ayi, ndipo sanganame. Si Chipwitikizi, si Chisipanishi, si Chitaliyana, ndipo palibe mudzi padziko lapansi umene ana amayamwira chilankhulochi. Dzina lake ndi Lingua Franca Nova, ochikonda amangoti Elefen. Chiganizocho chikunena kuti mayiyo anagula mbuzi zitatu pamsika.

Anachipanga ndi C. George Boeree, amene anabadwira ku Netherlands mu 1952, n'kukulira ku America komwe anadzakhala mphunzitsi wa za kaganizidwe ka munthu pa yunivesite ya Shippensburg ku Pennsylvania. Anayamba kuchiumba ali mnyamata mu 1965, koma anthu anadzachidziwa mu 1998 atachiika pa intaneti. Mawu anawatola m'zilankhulo zisanu: Chifalansa, Chitaliyana, Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chikatalani, chimene chimalankhulidwa ku Barcelona ndi madera ozungulira. Mwiniwakeyo anamwalira mu 2021, koma anasiya anthu akuchilemba ndi kuchikonza, ndipo kuyambira mu 2018 chili ndi Wikipedia yakeyake.

Zimene Boeree anachita sizingamveke tisanaone kholo la zilankhulo zisanu zija. Zonsezo, pamodzi ndi Chiromaniya ndi zina zing'onozing'ono, ndi zidzukulu za Chilatini, chilankhulo cha Aroma, n'chifukwa chake akatswiri amazitcha Romance. Agogo a Chikatolika amene anakula Misa ikuchitika m'Chilatini akukumbukira kamvekedwe kake. Chilankhulo chimenechi chinkasenzetsa ntchito yonse ya galamala kumchira kwa liwu. Galu akakhala woluma ndi *canis*, akakhala wolumidwa ndi *canem*. Munthu woluma ndi *homo*, wolumidwa ndi *hominem*. Choncho *canis hominem mordet* ndi *hominem canis mordet* ndi nkhani imodzi, galu ndiye akuluma, ngakhale mawuwo muwasinthanitse malo. Dzina linkasintha mchira motere potsata ntchito zisanu ndi imodzi, pochulukitsa n'kukhalanso ndi michira ina, ndipo mayina anali m'magulu atatu: achimuna, achikazi, ndi ena osakhala mbali iliyonse.

Zidzukulu zisanu zija zinataya michira yosonyeza woluma ndi wolumidwa, koma pa mneni zinakakamira. M'Chipwitikizi kulankhula ndi *falar*, koma ine ndi *falo*, iwe *falas*, iye *fala*, ife *falamos*, iwo *falam*. Mukalowa nthawi yakale mwayambanso zina: *falei*, *falaste*, *falou*. Pamwamba pake pali aneni osamvera lamulo, moti ndikupita ndi *vou* koma ndinapita ndi *fui*, mawu osafanana olo pang'ono. Chimuna ndi chikazi cha mayina nachonso chinatsala. Buku ndi lachimuna, *o livro novo*, nyumba ndi yachikazi, *a casa nova*, ndipo palibe nzeru imene ingakuuzeni chifukwa chake. Mkaka ndi wachimuna kwa Apwitikizi, *o leite*, koma kwa anansi awo a ku Spain ndi wachikazi, *la leche*. Kugwirizana kwa mawu kotereku kwa ife si kwachilendo, poti timati buku latsopano, nyumba yatsopano, chipewa chatsopano, ndipo magulu athu a mayina ndi ochuluka kuposa awo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ife gulu la dzina kawirikawiri limaonekera kumayambiriro kwa dzinalo.

Boeree anasesa zonsezi. M'Elefen dzina lilibe chimuna kapena chikazi. Pochulukitsa mumaika *-s* kumapeto, kapena *-es* ngati liwulo lathera pa konsonanti: *casa* ndi nyumba imodzi, *casas* ndi zambiri, *om* ndi mwamuna, *omes* ndi amuna. Basi. Mfotokozi sagwirizana ndi dzina m'njira iliyonse: *casa grande*, *casas grande*, *om grande*, *omes grande*. Liwu lakuti *grande* langokhala momwemo pamene ife tikanati yaikulu, zazikulu, wamkulu, aakulu. Chotikomera n'chakuti mfotokoziyo amabwera dzina litatchulidwa kale, monga timachitira m'Chichewa. Awiri okha, *bon* ndi *mal*, chabwino ndi choipa, ndi amene amakonda kutsogola, monga *un bon can*, galu wabwino. Liwu lomwelo la mfotokozi limagwiranso ntchito ya muonjezi osasintha kanthu: *un bisicle rapida* ndi njinga yothamanga, *el vade rapida* ndiye kuti akupita mofulumira. Umwini nawonso uli ndi kaliwu kamodzi, *de*, kamene kakuimira wa, ya, la, cha, za ndi anzawo onse. *La casa de mea padre*, nyumba ya bambo anga.

Timawu tiwiri, *la* ndi *un*, Mchewa angatione ngati topanda ntchito. Chilatini chinalibe timawu totere, zidzukulu ndi zimene zinatipanga kuchokera ku mawu oloza, *ille* ndi *illa*, ndiponso ku *unus*, kutanthauza chimodzi. *Un om ia veni* ndiye kuti kunabwera bambo wina amene sitinamutchulepo. *La om ia veni* ndiye kuti bamboyo, kapena bambo uja, anabwera. Ife ntchito imeneyi timaigwira ndi -yo, -ja ndi wina, ndipo nthawi zambiri sitivutika nayo n'komwe chifukwa nkhani imadziwika yokha. Poloza chinthu, Elefen ili ndi mawu awiri okha, *esta* chapafupi ndi *acel* chapatali. Nyumba ino, nyumba iyi, nyumba iyo ndi nyumba ija ziyenera kupanikizana m'mawu awiriwo, ndipo chimene chimandiwawa kutaya ndi ija, kaliwu kamene kamauza mnzako kuti nonse awiri mukuikumbukira nyumbayo.

Pa manambala pali msampha wotchera ife ndendende. Kuwerenga n'kosavuta: *un, du, tre, cuatro, sinco, ses, sete, oto, nove, des*, kenaka *dudes* 20, *tredes* 30, *sento* 100, *mil* 1000. Koma nambala yowerengera zinthu imatsogola dzina: *tre capras*, mbuzi zitatu. Mukaiika pambuyo, monga lilime la Chichewa lingakukokereni, tanthauzo lasintha: *la capra tre* ndi mbuzi yachitatu. Wogula mbuzi pa msika wa Kapata ku Chipata angabwerere ndi imodzi m'malo mwa zitatu.

Koma pagona nkhani ndi pa mneni. Mneni wa Elefen sasintha, kaya wochita ndi ndani: *me come, tu come, el come, nos come, vos come, los come*. Ndikudya, ukudya, akudya, tikudya, mukudya, akudya. Nthawi imasonyezedwa ndi timawu toikidwa pakati pa wochita ndi mneni. *Me ia come*, ndinadya. *Me va come*, ndidzadya. *Me ta come*, ndikanadya. Tadulani mawu a Chichewawo muone: ndi-na-dya, ndi-dza-dya, ndi-kana-dya. Wochita patsogolo, chizindikiro cha nthawi pakati, tsinde losasintha kumapeto. *Me-ia-come* ndi ndi-na-dya zayalidwa mofanana gawo ndi gawo. Apa m'pamene ndimaona kuti galamala imeneyi, ngakhale yavala mawu a ku Ulaya, ili pafupi ndi ife kuposa eni mawuwo. Mpwitikizi ayenera kusiya chizolowezi chake chonse chosintha mchira, pamene Mchewa akungolemba motayanitsa zimene kwawo amalemba mophatikiza. Palibenso mneni wosamvera lamulo. Kupita ndi *vade* nthawi zonse, *me vade, me ia vade, me va vade*, ndipo kukhala chinthu ndi *es* kwa aliyense. Pokana mumaika *no* chizindikiro cha nthawi chisanabwere: *me no va vende la mais*, sindidzagulitsa chimangacho.

Mwa timawu titatuto, kogwira ntchito yaikulu ndi *ta*. Si ka nthawi kwenikweni, koma kosonyeza kuti chinthucho chili m'maganizo chabe, sichinachitike ndipo mwina sichichitika. *Si lo ta pluve, nos ta planta la mais*: mvula itati igwe, tingadzale chimanga. Mukafuna kunena za mwayi umene unapita kale, mumaphatikiza ndi *ia*: *nos ia ta planta*, tikanadzala, koma sitinadzale. *Me ta vole* ndi kupempha mofatsa, ngati mmene timanenera kuti ndikanakonda. *Ta ce nos vade* ndi tiyeni tizipita. M'Chipwitikizi ndi m'Chifalansa zimenezi zili ndi michira yakeyake yambirimbiri imene imaliza ana a sukulu, ndipo Boeree anaisonkhanitsa yonse m'zilembo ziwiri. Mwaonanso *lo* mu *lo pluve*. Mneni wa Elefen amafuna wochita patsogolo pake, ndiye mvula ikamagwa amaikapo *lo* kungotseka malowo.

Kapangidwe aka Boeree sanakalote. Anakaonera ku zilankhulo zimene akatswiri amazitcha creole, zimene zinabadwira m'madoko ndi m'minda ya nzimbe pamene akapolo ndi antchito a mitundu yosiyanasiyana anatola mawu a azungu owalamulira n'kuwayala mwanjira yawo. Ku Haiti, kumene mawu ambiri ndi ochokera ku Chifalansa, amati *mwen manje*, ndimadya, *mwen te manje*, ndinadya, *mwen ta manje*, ndikanadya. *Ta* uja ndi ameneyu. Chavacano cha ku Philippines, chochokera ku Chisipanishi, chimasonyeza nthawi yakale ndi *ya*, ndipo *va* amamveka m'Chifalansa chenicheni akamati *il va manger*, adya posachedwa. Dzina la chilankhulochi nalonso ndi lobwereka ku Lingua Franca yakale, chilankhulo chosakaniza chimene amalinyero ndi amalonda ankamvanirana m'madoko a nyanja ya Mediterranean kwa zaka mazana ambiri mpaka m'zaka za m'ma 1800.

Kuno kwathu chinthu chotere tikuchidziwa. Azigogo amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg, ku Hwange ndi ku Copperbelt anabwerako ndi Chilapalapa, chimene ena amati Chikabanga kapena Fanakalo. Mawu ake ambiri ndi a Chizulu, koma kugwirizana konse kwa magulu a mayina kunatayidwa. *Mina hamba*, ndikupita, *mina hambile*, ndinapita, *mina zo hamba*, ndidzapita, ndipo dzina lililonse limangotsogoleredwa ndi *lo*. Zimene anachita akumigodi ku Chizulu n'zimene Boeree anachita ku zidzukulu za Chilatini, kungoti Chilapalapa chinali cha kapitawo wokalipa ndipo Azulu ambiri amachimva ngati chipongwe, pamene Elefen inapangidwa ndi munthu atakhala phee pa tebulo. Ndikukhulupirira komabe kuti khutu la Mpwitikizi likamva *me ia come* limanyansidwako pang'ono ngati la Mzulu likamva *mina hamba*. Izi sizikutanthauza kuti mneni wosasintha ndi wachibwana. Chilankhulo cha ku Haiti chija anthu mamiliyoni amabadwa nacho, ndipo ndi chimodzi mwa zilankhulo za boma m'dzikolo.

Tsopano tione mtengo wake, chifukwa chimene mwachotsa pa liwu sichisowa, chimangosamukira pena. *Me come* ndi ndikudya komanso ndimadya. *Me ia come* ndi ndadya, ndinadya komanso ndinkadya. M'Chichewa mukati mlendo wabwera, tonse tikudziwa kuti ali pakhomo, kaphikeni. Mukati mlendo anabwera, mwina anabwerera kalekale. M'Elefen zonse ziwiri ndi *la visitor ia veni*, ndipo wofuna kusiyanitsa ayenera kuonjezera mawu ena monga *ja*, kale, *aora*, tsopano, *ier*, dzulo, kapena *sempre*, nthawi zonse. Zimatheka ndithu, koma zimadalira wolankhula kukumbukira, pamene kwa ife mneni weniweniyo amakukakamiza kusankha.

Mtengo waukulu uli pa kayalidwe ka mawu. Popeza palibe mchira kapena mgwirizanitsi wosonyeza wochita ndi wochitidwa, malo okha ndi amene amanena. Wochita, mneni, wochitidwa, ndipo musasunthe. *La capras ia come la mais*, mbuzi zinadya chimanga. Mukatembenuza n'kuti *la mais ia come la capras*, ndiye kuti chimanga chinadya mbuzi. Ife tili ndi ufulu umene nthawi zambiri sitiuzindikira. Tikhoza kunena kuti mbuzi zadya chimanga, kapena chimanga zachidya mbuzi, kapena zachidya mbuzi chimangacho, ndipo palibe amene angasokonezeke, chifukwa za- akuloza mbuzi ndipo -chi- akuloza chimanga kulikonse kumene mawuwo aima. Pamenepa Chichewa chikufanana ndi Chilatini cha galu ndi munthu chija. Wa Elefen akafuna kuyamba ndi chimanga chifukwa ndicho chikumupweteka mtima, njira yake yodalirika ndi ya mneni wochitidwa: *la mais ia es comeda par la capras*, chimanga chinadyedwa ndi mbuzi. Mchira *-da* ukugwira ntchito ya -edwa kapena -idwa wathu, ndipo *par* ndi ndi wathu uja wosonyeza wochita. Mnzake wa *-da* ndi *-nte*, wosonyeza amene ali mkati mochita: *dorminte*, wogona, *parlante*, wolankhula. Michira iwiri yokhayi ndi imene galamala imalola pa mneni. Alowam'malo nawonso amatsata dongosolo lomwelo, moti ndikukuona ndi *me vide tu*, pamene Mfalansa amati *je te vois*, kuika iwe mneni asanabwere monga ife timachitira ndi -ku-.

Kusasintha kwa mawu kumabweretsanso vuto lina. M'Elefen mneni aliyense akhoza kukhala dzina osasintha chilembo: *dansa* ndi kuvina komanso gule, *parla* ndi kulankhula komanso malankhulidwe. Nanga wowerenga adziwa bwanji? Apa m'pamene *la* ndi *un* aja amaonetsa ntchito yawo yeniyeni. *Los dansa*, akuvina. *La dansa*, guleyo. Timawu timene tinkaoneka topanda pake tija ndi timene tikugwira chiganizo kuti chisagwe. Ndipo pamenepa chilankhulochi chinapunthwapo. M'zolemba zakale za Elefen, *me* ankaimira ine komanso wanga, moti *me casa* inali nyumba yanga. Tsono *me dansa* ndi ndikuvina kapena gule wanga? Patapita nthawi olemba chilankhulochi anabweretsa *mea, tua, sua, nosa, vosa*, wanga, wako, wake, wathu, wanu. Anaonjezera mawu oti munthu aloweze pofuna kuti owerenga asamaime pakati pa chiganizo. Ine ndimaona kuti anachita bwino, ndipo nkhaniyi ikusonyeza kuti kudula kuli ndi malire ake.

Pali lamulo lina limene poyamba limadabwitsa. *La acua boli*, madzi akuwira. *Me boli la acua*, ndikuwiritsa madzi. *La porte abri*, chitseko chikutseguka. *Me abri la porte*, ndikutsegula chitseko. Mneni ndi mmodzi, chimene chasintha n'chakuti pambuyo pake pabwera dzina. Ife tikanaika -its- kapena kusiyanitsa -uka ndi -ula. Misintho yathu yonse ya aneni Elefen imaimasula ndi mawu apadera. Kuphikira ana ndi *coce per la enfantes*. Kuphikitsa munthu ndi *fa ce el coce*, kuchititsa kuti aphike. Kuonana ndi *vide la un la otra*, kuona wina mnzake. Liwu limodzi ngati tinaphikitsana limasanduka chiganizo chathunthu. Amene amaganiza kuti zilankhulo zathu n'zosauka ayese kumasulira liwu limenelo.

Mafunso savuta ngakhale pang'ono, chifukwa *esce* ndi kodi wathu weniweni. *Esce tu ia vide mea bisicle?* Kodi waona njinga yanga? Enawo ndi *ci*, ndani, *do*, kuti, *cuando*, liti, *como*, bwanji, *cuanto*, zingati, *perce*, chifukwa chiyani. Polumikiza ziganizo, *ci* ndi amene wa anthu, *cual* ndi chimene wa zinthu, ndipo *ce* ndi kuti. *El ia dise ce el va veni doman*, ananena kuti adzabwera mawa. Nthawi ya mneni wachiwiriyo imakhala momwe anainenera mwiniwake, monganso m'Chichewa, popanda kuibweza m'mbuyo ngati m'Chingerezi.

Pa alowam'malo pali chokoma ndi chowawa. Chokoma n'chakuti *el* ndi iye, mwamuna kapena mkazi, ndipo amene timasokoneza awiriwa polankhula Chingerezi tapuma. Zinthu zimatchedwa *lo*, zambiri kapena anthu ambiri ndi *los*. Chowawa n'chakuti *tu* ndi wa munthu mmodzi aliyense ndipo *vos* ndi wa anthu ambiri basi. Zilankhulo zimene Boeree anatolako mawu zili ndi njira yolemekezera, Afalansa amati *vous*, Apwitikizi amati *o senhor*, koma iye anaichotsa dala. Ndiye kuti apongozi ndi *tu*, anyakwawa ndi *tu*, ndipo nduna yogwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa Kulamba ku Mkaika iyeneranso kunena *tu*. Mukhoza kutsogoza *senior* kapena *seniora*, koma mneni ndi mlowam'malo sizigwada. Kwa munthu wa ku Ulaya wotopa ndi kusankha pakati pa iwe ndi inu, uku ndi kumasuka. Kwa ife a- wa ulemu ali m'dzina, ali mu mneni, ali paliponse, ndipo chiganizo chopanda iye chimamveka chamwano. Maubale nawo ndi a banja la kwawo. *Frate* ndi mbale wamwamuna, *sore* wamkazi, osasamala kuti wamkulu ndani kapena wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi. *Tio* ndi atsibweni komanso bambo aang'ono, anthu awiri amene pa Chichewa udindo wawo pa mwana ndi wosiyana kutalitali. Chilankhulo chopangidwa kuti chikhale cha dziko lonse chimanyamulabe mudzi wa amene anachipanga.

Popanga mawu atsopano Elefen imadalira timichira tochepa todalirika. *Pan* ndi buledi, *paneria* ndi kophikira kapena kogulitsira buledi. *Labora* ndi kugwira ntchito, *laboror* ndi wantchito. *Lava* ndi kuchapa, *lavador* ndi makina ochapira. *Calda* ndi chotentha, *caldi* ndi kutenthetsa. *-eta* amachepetsa ngati ka- wathu, *casa* n'kukhala *caseta*, kanyumba, ndipo *-on* amakulitsa ngati chi-. Mayina ena amapangidwa pomata mneni ndi dzina, monga *parapluve*, chotchinga mvula, kutanthauza ambulera, njira yomwe ija inatipatsa ife msungichuma ndi mkhalapampando. Mawu ochepa a anthu ndi amene amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi: *fio* ndi *fia*, mwana wamwamuna ndi wamkazi, *avo* ndi *ava*, agogo aamuna ndi aakazi.

Za kalembedwe ndinena mwachidule. Zilembo ndi 22, mavawelo asanu omwe athuwa, ndipo liwu limalembedwa momwe limamvekera. Wophunzira sukulu za kuno ku Zambia asamale ndi *c*. Mabuku athu a Cinyanja amalemba cimanga ndi cakudya, ndiye diso lingawerenge *casa* ngati chasa, pamene m'Elefen *c* ndi k nthawi zonse: *casa* ndi kasa, *ci* ndi ki. Kamvekedwe ka ch kamalembedwa *tx*, ka sh kamalembedwa *x*. Mphamvu ya liwu imagwera pa vawelo yotsogola konsonanti yomaliza, zimene m'mawu ambiri zikutanthauza phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene ifenso timakokera mawu athu. Zovuta zathu ndi ziwiri: kusiyanitsa l ndi r, poti *mal* ndi choipa koma *mar* ndi nyanja, ndiponso kuletsa lilime kuonjezera vawelo pa mawu ngati *om* ndi *pan*.

Elefen si yokha pa ntchito yotereyi, ndipo kuona anzake kumathandiza kudziwa zimene inasankha. Mu 1903 katswiri wa masamu wa ku Italy, Giuseppe Peano, anatulutsa Latino sine flexione, Chilatini chodulidwa michira. Mu 1922 Edgar de Wahl anabweretsa Occidental. Mu 1951 bungwe la IALA la ku New York, lofufuza chilankhulo choti mitundu yosiyana izimvanirana, ntchitoyo akuitsogolera Alexander Gode, linatulutsa Interlingua. Imeneyi inafuna kuti munthu wa ku Ulaya aiwerenge osaiphunzira, choncho inasunga michira ya nthawi, *io parla, io parlava, io parlara, io parlarea*, ndi kalembedwe kakale monga *philosophia*, pamene Elefen imalemba *filosofia*. Interlingua imaoneka yachibadwa kwa wodziwa kale zilankhulo zimenezi, Elefen imakomera woyamba kumene. Palinso ena amene cholinga chawo si kuphweketsa ayi. Mu 1996 Andrew Smith wa ku New Zealand anapanga Brithenig pofunsa kuti Chilatini chikanatsalira ku Britain n'kumasintha monga chinasinthira chilankhulo cha ku Wales, bwenzi chikumveka bwanji lero. Mu 2002 Jan van Steenbergen anachita chimodzimodzi ndi chilankhulo cha ku Poland n'kupanga Wenedyk. Awa amaikamo dala aneni osamvera lamulo ndi zokhota zina, chifukwa chimene akufuna n'chakuti chilankhulocho chioneke ngati chakalamba m'kamwa mwa anthu.

Kwa wophunzira wa kuno, galamala ya Elefen ndi yaifupi moti zambiri mwa izo mwaziwerenga kale pamwambapa. Ntchito ili pa mawu. Munthu wa ku Lisbon kapena ku Maputo amapeza mawu ambiri ali aulere, pamene ife tiyenera kuloweza limodzilimodzi, kupatula amene tingawazindikire kudzera m'Chingerezi, monga *scola* ndi *ospital*, kapena ngati *sapato*, limene Apwitikizi anatisiyira kalekale n'kukhala nsapato. Olankhula chilankhulochi ndi ochepa, omwazikana m'mayiko, ndipo amakumana pa intaneti. Wamalonda wa pa Chanida uja, ngati cholinga chake ndi malonda, aphunzire Chipwitikizi chenicheni. Elefen ingamupatse mawu ambiri mosavuta, ndipo atafunsa pamsika wa ku Tete kuti *cuanto lo custa*, wogulitsa angamve, chifukwa kwawo amati *quanto custa*. Koma kukambirana mtengo kukayamba, wogulitsayo adzayankha ndi *posso*, *pode*, *comprei*, *fiz*, aneni osintha michira ndi osamvera lamulo omwe aja amene Boeree anawasesa.